Nsapato za ku Zobwe

Zatsopanozi zibweze m'bokosi, Leokadiya.
Nsapato yosadziwa phazi lako
imaluma ngati galu wa eni.
Ndipatse zakale zija, zodyeka chidendene,
ndizisokere tayala kunsi.
Zimene zija zinamvana kale ndi chala chako chokhotacho.

Msewu uwu ndauponda kasanu ndi kawiri,
kuchoka pano pa Moatize mpaka ku Zobwe,
ndiye usandiyang'ane ngati ndikungosaka mametikali ako.

Nyamuka nthanda isanazime.
Dzuwa la kuno silikambirana ndi munthu.
Likafika paliwombo peza mthunzi, vula nsapato, gona,
miyendo uyisanjike pachikwama magazi abwerere.
Wothamanga m'mawa wa tsiku loyamba
ndi yemwe timamukweza shapa pa Kambulatsitsi
akulira ngati mbuzi yomangidwa panjinga.

Zikhadabo wenga lero, zizolowere.
Masokosi akhale mapeyala awiri:
ena kuphazi, ena akuuma kumsana, owabaya ndi pini.
Pakati pa zala paka mafuta.
Ukamva kutentha kuchidendene ima pomwepo,
usati ndikaimira pamtengo uwo.
Thuza limabadwira pakati pa iwe ndi mtengowo.

Yenda kudzanja lamanja, maso ndi maso ndi malori.
Lori silidziwa kuti uli pakati pa Kolona.
Kukada manga nsalu yoyera pamkono.

Madzi imwa ludzu lisanakuitane, pang'onopang'ono,
m'botolo muli kamchere ndi kashuga.
Masawu ouma m'thumba, mtedza wokazinga,
ka malambe m'tsaya kuti malovu asathawe.
Mkodzo ukafiira, wachedwa kale.

Katundu yala pamphasa usiku uno, uchotse theka.
M'mawa uchotsenso.
Gervaziyo ananyamula wailesi, mabatire asanu ndi atatu
ndi jekete la pa Misa.
Pa Musakama anasinthanitsa wailesiyo ndi phava la nthochi,
ndipo mpaka lero amati anapindula ndi iye.

Ukufunsa chimene ndinkayendera?
Dikira ndilowetse ulusi.

Ulendo woyamba ndinayendera Perpetuwa,
ali gone m'chipatala ku Tete.
Phazi lililonse ndinkaliwerenga ngati ndalama,
ndimvekere ndikafika ndiye kuti ndalipira.
Ndinafika. Ndinagwada mpaka mawondo anachita dzanzi.
Pobwera ndinapeza mipando ya anansi pabwalo
ndi phulusa la zitsa zitatu, lozizira kale.

Chaka chotsatira ndinapitanso, kukakangana.
Mawu ndinawakonza njira yonse, akuthwa ngati chisongole.
Koma pachitunda china, mapiri atayamba,
mayi wina wogulitsa makala, dzina sindimudziwa,
anandiona ndikutsimphina,
anatulutsa beseni lobooka, lomata ndi phula,
madzi ofunda, mchere wa m'manja,
nati ikani mapazi umu, bambo.
Sanandifunse kwathu. Anabwerera kumatumba ake.
Ndinakhala pamenepo mpaka madzi anazizira,
ndipo mawu anga aja ndinawaiwala m'besenimo.
Yankho lina sindinalandirepo.

Choncho wina akakupatsa beseni usakane.
Usati ndili bwino. Suli bwino.

Usayende ndi liwiro la mnzako,
aliyense ali ndi ngongole yake ndi miyendo yake.
Koma wotsalira m'mbuyo musamusiye yekha kukhonde la usiku,
mmodzi adzinamize kuti akumanga chingwe cha nsapato.

Kumtunda kuja kumazizira, usanyengedwe ndi ng'anjo ya kuno.
Tenga kapulana yachiwiri.
Ndipo tsiku lomaliza, ukayamba kumva nyimbo za anzako kutsogolo,
miyendo idzafuna kuthamanga. Ikanize.
Ambiri amabinya bondo akuliona kale tchalitchi.

Bwera Lachinayi madzulo, udzazipeza zatha.
Singano iyi tenga, ndi ulusi wake, sindikuwerengera.
Ukabwerako udzandibweretsere nsapatozo zisanatsukidwe.
Chimene ukupempha usandiuze,
ndidzangoona mbali imene tayala ladyeka.