Usiku Wachitatu Pamzere

Pampu yanga yauma kuyambira Lolemba.
Ndimabwerabe, yunifolomu yosita,
kudzauza anthu mawu amodzimodzi:
thanki ili m'njira, yadutsa Mwanza.
Ngati yadutsadi, kaya.

Mzere wayambira pano pa Ginnery Corner,
mchira wake akuti uli ku Chichiri.
A Likoswe a takisi yoyera ija agonera pampando,
khosi lapindika ngati chogwirira ambulera.
A Matewere a minibasi ya ku Chilomoni
ayala dirafuti pa boneti,
njere zake zitsekerero za mabotolo.

Ndiye inabwera ija.
Sitinaimve. Inangoti tulukiru
ngati mphaka m'khitchini,
yopanda utsi, yosatsokomola,
kumbuyo kopanda ndi paipi yomwe.

"Mwaiona?" anatero a Likoswe. "Yamagetsi imeneyo.
Chipani chathu chinanena kalekale,
inu muli kalikiliki kuvina m'misonkhano."

A Matewere analavula chotokosera m'mano.
"Magetsi ake ati? Omwe amafika kwathu pakati pa usiku
ngati mwamuna wamitala,
n'kuchoka tambala asanalire?
Namasupuni akatseka ku Nkula
muzidzaikankha ndi manja,
mutamanga nsalu yachipani m'chiuno."

"Mafuta anayamba kusowa nthawi yanu!"
"Ndalama zakunja anadya ndani?"
"Nanga msewu uja munautsegulira kawiri?"

Za batire zinathera pomwepo.
Anayamba kufukula manda,
aliyense ndi khasu lake,
a zigubu n'kusiya mzere kudzaonerera.

Anthuwa ndawathirira mafuta zaka zisanu ndi ziwiri.
Ndikukumbuka a Likoswe akunena pompano
kuti zoterezi n'zidole za ana a mabwana,
a Matewere akuziikira kumbuyo mpaka thovu kukamwa.
Boma litasintha anasinthana mawu
ngati majekete.

Ine palibe anandifunsa.
Zikadzachuluka zosamwa petulozi
dzanja ili lidzagwira chiyani?
Fizi ya Edina imatuluka m'paipi iyi,
lendi ya ku Mbayani imatuluka momwemu.
Koma ndikavula usiku
mwana amati amayi mukununkha galimoto,
ndipo chifuwa ichi
ku Queens anachimvetsera nthawi yaitali osayankhula.

Galasi linatsika.
Mayi waimvi, diresi la unesi, maso a tulo.
Onse chete, kudikira kuti anene
ali mbali iti.

"Pepani, mpweya ulipo?
Lakumanzereli laphwa."

Ndinaloza makina a mpweya.
Chala chisanatsike, magetsi thi!
Mdima kuchokera ku Sunnyside mpaka ku phiri la Ndirande.
Jenereta lathu limamwa dizilo.
Dizilo ali ku Mwanza.

Wina anaseka kumbuyoko, kuseka kwa munthu wotopa.

A Matewere anasolola pampu yopondera pansi pa mpando,
yomanga ndi mphira wa chubu.
A Likoswe anayatsa tochi ya pafoni,
batire itatsala kamzere kamodzi.
"Walitsani apa, inu a tsogolo."
"Pondani msanga, inu a makedzana."
Fuu, fuu, fuu,
bondo la mkulu likulira kuposa pampu,
ndipo pakati pa kupuma ndi kupuma
ankakumbutsanabe za feteleza.

Mayi uja anapereka chikwi chimodzi.
Anakana onse awiri,
aliyense kuopa kuti mnzake akanena.

Inachoka monga inabwerera,
timagetsi tofiira tikuchepa cha ku Limbe.
Kwawoko akaipeza soketi ili moyo kapena yakufa,
sitidzamva.

Atabwerera pa boneti
anapeza njere ziwiri zasuntha.
Mlandu watsopano.

Mnyamata wa chigubu chachikasu wandikoka mkono:
"Asisi, thanki ija?"
Ndapukuta m'manja mouma kale.
Yadutsa Mwanza, achimwene.