Bolodi la pa Doko

M'mawa uliwonse, mashopu asanatsegule,
ndimatuluka ndi choko ndi kansanza konyowa
kukafufuta dzulo.
Ndiyo ntchito yanga kuyambira Meyi:
kuuza alendo zimene nyanja ya ku Cornwall yawasungira,
ngati kuti nyanjayo imandinong'oneza usiku.

Lero ndalemba:
Teni koloko, boti la a Denzil, kukaona akatumbu a m'nyanja,
mapaundi khumi ndi awiri, ana theka.
Sindinalembe kuti akatumbuwo alibe wotchi,
kuti Lachiwiri anthu anabwerako ataona miyala yokhayokha
ndi mayi wina wa ku Leeds
akusanzira m'chipewa cha mwamuna wake.

Masana, ana kuwedza nkhanu pakhoma la doko.
Bwerani ndi ndowa, nyambo tikupatsani.
Nkhanu zathu n'zakale pantchito:
zimaluma nyama ya nkhumba, zimakwera ndi chingwe, zimajambulidwa,
kenako phava! m'madzi,
kukadikira mwana wina.
Ilipo ina ya dzanja limodzi, ndimaidziwa,
sabata ino yokha yagwidwa kasanu.

Loweruka, mpikisano wa opalasa mabwato.
Tressa, mwana wa mng'ono wanga, ali pa nkhafi yachitatu,
zikhatho matuza okhaokha, koma musamuuze kuti apume.
Bandi ya malipenga idzaimba pafupi ndi tchalitchi,
ndipo lipenga lalikulu lidzachedwa ndi mpweya umodzi
monga lakhala likuchedwera kuyambira ndili mtsikana.
Lamlungu makaiti kuchitunda,
nyumba zamchenga kugombe, mphoto ilipo,
ngakhale woweruza weniweni ndi mafunde a folo koloko.
Sitiroberi kumunda kwa a Penhallow, thyolani nokha:
amayeza dengu, sayeza mimba.

Chenjezo ndimalilemba ndi choko chofiira:
mbalame zoyerazi si anzanu,
tchipisi zanu zaziwerenga kale.

Nyengo yozizira yonse tinalira alendo,
misewu ili zii, mahotela atatseka maso.
Walira mvula walira matope.
Onani tsopano magalimoto thothotho mpaka kusukulu,
basi ya kwathu ikubwerera chambuyo kupatsa njira ngolo ya tchuthi.

Cha m'ma leveni kunabwera bambo wamtali, mphuno itapsa kale ndi dzuwa,
ana awiri akumukoka malaya.
Anandionetsa foni: nyumba ya chitseko chobiriwira,
kamsewu ka kuseri kwa tchalitchi, sabata imodzi.
Ndinati kwerani masitepe awo, khotani kumanzere,
kiyi ali m'kabokosi ka manambala.
Ndikanalekera pomwepo.
Koma pakamwa panapitirira pokha:
muweramitse mutu polowa kukhitchini,
zenera lam'mwamba limafuna phewa,
ndipo mukamva kugogoda usiku musaope,
ndi paipi chabe, imatero madzi akamazizira.

Mwadziwa bwanji zonsezi?
Ndi ntchito yanga, ndinatero,
n'kupatsa anawo mapu aulere.
Sindinanene kuti pafelemu la chitsekocho, pansi pa penti watsopano,
pali mizere isanu ndi iwiri ya mpeni wa atate,
msinkhu wanga chaka ndi chaka.
Lero ndimagona makilomita khumi kumtunda,
pamwamba pa galaja ya matayala,
pomwe nyanja imaoneka ngati ulusi, tsiku likakhala labwino.

Komabe Juni ndi Juni.
Dzuwa likukana kulowa mpaka naini itadutsa,
mchere uli pamilomo, maluwa apinki ayanga m'maphompho,
ndipo ndawaona ana aja pakhoma, ndowa pakati,
akukuwa ngati atola golide.
Ndasuzumira. Ndi yomwe ija ya dzanja limodzi.
Kachisanu ndi chimodzi.

Kamvula kowaza kayamba ndikutseka.
Boti la a Denzil lasungunuka, malipenga akuyenderera,
sitiroberi zatsikira m'miyendo ya bolodi.
Pansi penipeni patsala mawu atatu
amene sindiwafufuta chilimwe chonse:
ngati nyengo ilola.