Zinayi pa Makumi Awiri

Mayi Berríos abwera Lachinayi ndi fomu.
Akwera masitepe onse a phiri lathu wefuwefu,
doko la Valparaíso lili mmunsi kumbuyo kwawo,
ndipo asanakhale pansi atsegula kale faelo.
Akufuna manambala.
Khonsolo silipirira magetsi, choko ndi buledi wa madzulo
chinthu chosawerengeka.

Ana angati? Khumi ndi mmodzi.
Anali khumi ndi atatu;
awiri anasamuka moto utanyambita nyumba za kumtunda.
Alemba: osamaliza, awiri.

Yasna, mu Malichi, mawu makumi atatu pa mphindi.
Lero makumi asanu ndi awiri.
Achonga, amwetulira.
Nambala imeneyo sindikuikana,
wotchi ndinagwira ndekha.

Tafika pa Ítalo.
Malichi: zinayi pa makumi awiri.
Novembala: zinayi pa makumi awiri.
Mzere wake wangogona papepala, phee,
ngati chingwe choyanikira zovala tsiku lopanda mphepo.

Ndiyamba kufotokoza.
Zinayi za Malichi zinali zolotera:
chipewa kumaso, tsaya pa desiki,
kuchonga mwachisawawa, mphindi zisanu watuluka.
Zinayi za Novembala anazikhetsera thukuta.
Anakhala ola lathunthu,
anafufuta mpaka pepala kubooka,
funso lachisanu ndi chiwiri analiyesa katatu
nalakwa katatu, njira zitatu zosiyana,
ndipo kachitatuko kanangotsala pang'ono.

Fomu ilibe bokosi la "kutsala pang'ono".
Ilibe bokosi la tsiku lija mu Ogasiti
pamene anakweza dzanja kulekeza pakhutu
kuti akalakwa anene kuti amangodzikanda.
Ilibe malo a bambo ake, onyamula katundu kudoko,
amene anandiimitsa pamsika wa nsomba
kundiuza kuti mnyamata wawagwira ogulitsa
atamubera chenji.

Mayi Berríos avula magalasi.
"Aphunzitsi," atero, "chikondi chimanamiza maso.
Ndayenda mapiri asanu ndi limodzi mwezi uno.
Paliponse pali mwana amene watsala pang'ono.
Ena atsala pang'ono zaka zitatu,
aphunzitsi awo akulumbira kuti zikuyenda,
mwana mpaka kusiya sukulu osadziwa kugawa."

Ndilibe poyankha.
Ndikudziwa kuti sakunama.
Ndikudziwanso kuti inenso sindikunama.
Sikelo yawo siinama kulemera kwa thumba,
koma siidziwa kuti mkati mwalowa chiyani.

Alemba m'bokosi: palibe kusintha.
Kenaka apempha pepala lobooka lija,
alikweza kuwindo,
dzuwa lilowa pabowo ndi kugwera pa faelo yawo.
Aliyang'ana nthawi yaitali kuposa mmene ntchito imafunira.
Alibweza. Za ndalama tidzamva mu Januwale.

Akutsika masitepe, Ítalo ali pakhomo,
chikwama paphewa limodzi, chipewa m'manja.
Safunsa kuti wakhoza zingati.
"Lolemba," akutero, "tidzabwerezenso lachisanu ndi chiwiri lija.
Ndaona pamene ndinasochera."

Ndimuuza kuti abwere ndi chofufutira china.