Nkhungu Ziwiri

Lachiwiri m'mamawa sitima ya ku Leiden
imang'amba nkhungu yogona pa ngalande,
ng'ombe zikuoneka misana yokha.
Nkhungu imeneyo ilibe mlandu,
dzuwa likakwera imatsanzika.
Yanga ndi ina.
Yanga ndinaivundukula ndekha ndi foloko,
zaka makumi atatu ndi zinayi
ndikutembenuza mulu wa makoko a anyezi wa maluwa
kuseri kwa shedi ya a Warmerdam ku Hillegom,
mulu wofuka nthunzi ngakhale m'chisanu,
ine n'kumati: kafungo ka dothi lamoyo!
Maluwa anakwera ndege kukakometsa matebulo a eni ndalama.
Nkhungu inatsala,
inapeza chipinda chofunda m'phapo langa lamanja
ndipo lendi siinalipirepo.

Amati ndinapuma pa ntchito.
Inde, ndinapuma, poti kupuma kunandikana.

Kuchipatala dzina langa, Siebren,
ndimalikoleka pakhomo pamodzi ndi jekete.
M'katimo ndine 47.
Annelot, namwino wa kafukufuku, amandipana mphuno:
"Kokani mpweya, kokani... uzirani!
Musaleke, musaleke, musaleke!"
kukuwa ngati ali ku mpira,
ndipo ine, yemwe ndinkaliza chilipenga chachikulu m'bandi ya m'tauni
mpaka mawindo a tchalitchi kunjenjemera,
ndimakankha kamzere kobiriwira pa kompyuta
utali wa chala.
Amalemba. Sandinamiza kuti zili bwino.
N'chimene ndimamukondera.

Tsiku loyamba anandijambula timabokosi pamkono,
dontho m'kabokosi kalikonse, n'kubaya pang'ono:
mphaka, fumbi la matiresi, mungu wa udzu, nkhungu.
Sitinadikire nthawi yaitali.
Khungu linaulula nkhungu,
chotupa psuu, choyabwa ngati chitedze.

Makhololo anga amalemekezeka kuposa mwini wake.
Ali ndi kabotolo kawo, nambala yawo,
amakwera chikepe mpaka pansanjika yachisanu
kumene ine sindiloledwa.
Koma tsiku lina Dokotala Oosterhuis anatsika nayo mbale yagalasi yomata,
m'katimo kamunda kotuwa mobiriwira, kaubweya, kozungulira bwino.
"Mlendo wanu uja ndi uyu.
Tamuthira mankhwala atatu, awiri wangonyambita."
Akuganiza kuti anakhwimira kumunda,
pozolowera mankhwala amene tinkapopera anyezi.
Sindinayankhe.
Mpope uja unkakhala pamsana panga.

Jakisoni wa mwezi ndi mwezi,
kaya ndi mankhwala, kaya ndi madzi amchere,
Annelot sadziwa, dokotala sadziwa,
chinsinsi anachitsekera kwina mpaka chaka chamawa.
Pepala lomwe ndinasaina linanena poyera:
mwina inuyo simudzapindulapo kanthu.
Ndinasaina ndi bolopeni yawo yomwe,
n'kuiwala kubweza.

Geertje ali ndi kafukufuku wakewake.
Usiku amagona khutu lili tcheru
kuwerenga tiana ta mphaka tolira m'chifuwa changa,
m'mawa n'kulemba pa kalendala ya kukhitchini,
pafupi ndi tsiku lotaya zinyalala.
Mwezi uno akuti tachepa.
Ndimati mwina khutu lako ndilo lakalamba.
Amandigenda ndi kansalu kopukutira mbale.

Pabenchi yodikirira pamakhala kamtsikana, Ilayda,
kampope ka mphumu kali pachingwe m'khosi ngati mkanda.
Kanandifunsa ngati manambala asanu ndi awiri oyamba anachira.
Ndinati sindidziwa.
Kanati, "Ndiye muziuzira mwamphamvu."

Masitepe a pasiteshoni alipo makumi awiri ndi atatu.
Ndakhala ndikuima pa khumi ndi limodzi,
dzanja pachitsulo, kunamizira kuwerenga chikwangwani.
Lachiwiri lapitali ndinazindikira ndili pa khumi ndi anayi.
Mwina ndi jakisoni, mwina mphepo inali kumbuyo.
Ndinamuuza Annelot.
Anasanthula fomu yonse, kabokosi ka masitepe panalibe,
ndiye analemba m'mphepete, ndi pensulo.

Madzulo ake ndinatsitsa chilipenga pamwamba pa kabati,
ndinachipukuta, n'kudontheza mafuta m'mabatani.
Sindinachiuzire.
Ndinangochikhazika pamiyendo,
chozizira, cholemera,
mpaka Geertje anayatsa nyale.