Mzere wa 214

Ku Tartu dzuwa limaweruka ife tisanaweruke.
Folo koloko isanakwane mawindo ada kale,
chipale chaunjikana pa njinga ya Kaarel panjapo,
ndipo ine, Triinu, ndatsala ndi khodi yake pa sikirini,
mizere mazana asanu ndi limodzi
yogulitsira matikiti a pantoni yopita ku zilumba.

Ntchito yanga ndi kukayikira.
Amandilipira kuti ndisakhulupirire munthu,
ngakhale amene ndagawana naye buledi wakuda masana.

Poyamba ndimatuma makina.
Iwo alibe manyazi, sadziwa kuti uyu ndi mnzathu,
amangodula mzere wofiira pansi pa chilichonse:
apa mwapereka dzina koma palibe walitchula,
apa mwatsegula chitseko osatseka,
apa mwafananitsa nambala ndi mawu
ngati 7 wolembedwa ndi 7 wowerengedwa ndi mapasa.
Madandaulo makumi anayi ndi atatu.

Kaarel akuti, "Komatu ikugwira ntchito."
Inde, pa kompyuta yako.
Nanga pa foni ya mayi Õie, yong'aluka galasi ija,
ataima pa doko la Virtsu, golovesi ali kukamwa,
netiweki ikubwera ndi kupita ngati mpweya wa wodwala?
Batani lako likazengereza, adzalidina katatu.
Kodi adzalipira katatu?

Anakanda m'mutu. Tinakonza.
Zofiira zinazima chimodzichimodzi
ngati nyali za m'nyumba zosanjikizana usiku ukakula,
mpaka kutsala imodzi yokha:
mzere wa 214.

Si wa Kaarel. Ndi wa Urmas,
amene anachoka muno zaka zinayi zapitazo
kukaweta njuchi kwinakwake cha ku Võru,
foni yake n'kungoti zii.
Pamwamba pa mzerewo anasiya timawu:
"Osachotsa. Ndidzafotokoza Lolemba."
Lolembalo silinafike.

Makina akuti mzere uwu ndi wakufa, palibe amauitana.
Ndinauwerenga kasanu, khofi atazizira m'kapu.
Ndinaufufuta ndi chala chimodzi.
Sikirini yonse inangoti biriwiri,
tinagwirana chanza, aliyense kwawo.

Miyezi iwiri inadutsa bwinobwino.
Kenako unafika usiku uja wa mu Malichi
umene dziko lino limakankhira wotchi kutsogolo ola limodzi.
M'mawa mwake anthu khumi ndi asanu ndi mmodzi
anaima pa doko, matikiti ali m'manja,
akuyang'ana msana wa pantoni ukuchepa pamadzi.
Wina anali ndi keke ya ubatizo pamiyendo.

Kunali tsamba lakale, losiyidwa kuseri,
limene makina sanauzidwe kuti aliwerenge.
Ilo ndi limene linkagogoda pa mzere wa 214,
kawiri kokha pachaka,
ndipo mzerewo unkadzuka, n'kukonza ola, n'kugonanso.

Ndaubwezeretsa.
Ndaulembera mayeso ake, kuti wina akadzaukhudza
belu lilire kuno, osati pa doko.
Pamwamba pake ndafotokoza zonse, mizere isanu ndi inayi,
mwachimvekere, ngati ndikulembera mlendo
amene adzakhale pa mpando uno ine nditapita kukaweta zanga.

Timawu ta Urmas sindinatichotse.
Pansi pake ndangowonjezera:
"Lero ndi Lolemba."

Kaarel akusesa chipale pa chishalo cha njinga.
Mawa abweretsa mizere ina mazana atatu,
ndipo ndidzamukayikira, monga mwa masiku onse,
kenako ndidzamupempha kuti awerenge yanga.