Penti Sanaume

Okutobala wandipeza ndi penti m'zikhadabo,
ndikutsika phiri la Cordillera
chithunzi chili kumsana ngati chitseko chakuba.
Chikepe chafanso lero.
Masitepe ndawawerenga mpaka ndasokoneza,
ndipo mphepo ya padoko la Valparaíso
ikufuna kundisandutsa thanga la ngalawa.

Zaka zisanu palibe ankandifunsa kanthu.
Ndinkajambula dzimbiri la makontena, amphaka a pamalata,
n'kuzipanikiza kuseri kwa kabati.
Chaka chino onse akumbukira dzina langa sabata imodzi:
Rayén, tikufuna zisanu ndi zitatu pofika Lachinayi.
Rayén, tumiza mbiri yako, isapitirire tsamba.
Rayén, khoma lija.

Khoma lija ndi la Don Eliodoro, wophika buledi.
Akufuna malemu mkazi wake atanyamula dengu la mabanzi,
koma chithunzi chomwe wandipatsa n'cha pachitupa,
nkhope inafufutika kalekale m'chikwama.
Akuti mphuno sinali choncho.
Mphunoyo ndaikonza kanayi.
Amandilipira theka ndalama, theka buledi wotentha,
ndipo sindinadziwebe theka lalikulu ndi liti.

Usiku ndi wa mafomu.
Komiti ya ku Santiago ikufunsa:
ntchito yanu ikukamba za chiyani?
Ndilembe, ndifufute, ndilembenso.
Intaneti inathawa kutatsala mphindi zisanu ndi ziwiri,
ndinatsikira kwa Maite wopanda nsapato, laputopu m'manja,
mwana wake anadzuka n'kuyamba kulira,
fomu inapita.
Yankho linabwera litavala ulemu wonse, koma linali ayi.
Ina ya ku Concepción, yomwe ndinatumiza ndikusinza,
dzina la chithunzi nditalakwitsa,
inati inde.
Ndinaseka ndekha m'khitchini mpaka ketulo inauma.

Tsiku lotsegulira chionetsero,
m'nyumba yakale yosungiramo katundu wa sitima,
ndinavala jekete ya Maite, mikono yopitirira zala.
Anthu anaima chofulatira zithunzi zanga,
matambula a vinyo m'manja, akudandaula za lendi.
Bambo wina wa ndevu zaimvi anayandikira cha kireni chija
mpaka mpweya wake unachikhudza.
Ndinafuna kukuwa: pepani, penti sanaume!
Ndinali nditachimaliza m'bandakucha,
ndikuchipemerera ndi choumitsira tsitsi.
Anachoka osanena kanthu.
Kenako mtsikana wa pakhomo anabwera mwakachetechete
n'kumata kadontho kofiira pansi pa felemu.
Kadontho kochepa ngati njere ya mphodza,
koma m'kati mwake munali lendi ya miyezi iwiri
ndi ngongole yanga kwa wopala mafelemu.

Mayi anachokera ku Temuco, usiku wonse pa basi.
Anayendera chimodzichimodzi, manja kumbuyo,
anaima nthawi yaitali pa cha amphaka,
n'kundifunsa ngati ndikudya.

Tsopano ndi Disembala, dzuwa likuchedwa kulowa.
Msana wanga ukudziwa sitepe iliyonse ya phirili.
Cha kireni chapita kunyumba imene sindidzaiona,
pakhoma panga patsala msomali
ndi malo oyera pomwe fumbi silinafike.
Sindinkadziwa kuti kugulitsa kumasiya chipsera chotere.
Kalendala ikadali yofiira ndi mizere:
ziwiri zopita ku Concepción,
chikuto cha buku la munthu amene sayankha mafoni,
galu wa dokotala wa mano, amene sakhala phee.

Koma pa chivundikiro cha katoni ndayamba china
chimene palibe wachiitanitsa:
manja a Don Eliodoro ali mu ufa mpaka m'zigongono.
Foni ikulira pansi pa nsanza. Ilire kaye.

M'mawa uno ndinamupeza ataima pamsewu,
uvuni atausiyira mnyamata,
akuyang'ana khoma, chipewa chili m'manja.
Ndinadikira, burashi ili kale m'thumba.
Anayang'ana, anayang'anabe,
anandipatsa buledi wanga.
Za mphuno sananene.