Nambala 163

Anandilemba pamkono ndi cholembera chakuda,
mtsikana wa mawaya m'mano, osandiyang'ana n'komwe.
Dzina langa, Heledd Pugh, linatsala m'galimoto
pamodzi ndi yunifolomu ya basi
imene ndimayendetsa pakati pa sabata.

Nyanja ya Tegid m'mamawa
sichitira chisoni zaka makumi asanu ndi ziwiri.
Chovala cha mphira n'chobwereka kwa Emrys, mlamu wanga,
chikununkhabe oyilo wa m'galaja mwake.
Zipi inakana pamsana
mpaka mayi wina wosamudziwa anaikoka atalumira mano,
nati, "Bwezani mimba."

Wezulo.
Khuvuu! Anthu mazana awiri, madzi amodzi.
Chidendene cha wina chinandipatsa moni pamphuno.
Ndinamwa Tegid makapu atatu osaitanitsa.
Kudziwe la m'tauni pansi pamakhala mzere wokulondolera,
kuno kuli bii,
kuzizira kokhakokha kolowa m'mano.
Ndinakakamira kabwato ka mnyamata wopulumutsa anthu.
"Mukutuluka, mayi?"
Chibaluni chachikasu chokhotera chija
chinali patali ngati tsiku la malipiro.
"Ayi," ndinatero, "ndimangokuona."
Ndinataya kabwato.

Ubwino wovuuka mochedwa ndi umodzi:
njinga yako suisakasaka.
Inali yokha pachitsulo, ngati mwana woiwalidwa pasukulu.
Sokosi inakana phazi lonyowa,
zala zili gwagwagwa, lamba wa chisoti osamangika,
ndipo dziko linkapendekerabe ngati ndili m'madzi.

Makilomita makumi awiri.
Msewu uwu ndi wanga,
ndimaudutsa kasanu ndi kamodzi patsiku,
dzenje lililonse ndimalidziwa ndi msana.
Koma basi ndi yabodza.
Zaka khumi ndi zinayi sinandiuzepo
kuti pali chitunda usanafike ku Llanuwchllyn.
Ntchafu ndi zimene zinaulula.
Nkhosa zinadzutsa mitu pampanda wamiyala,
zikubzikula, osadabwa.
Pasiteji yapatchalitchi panaima bambo Idwal,
amene amakwera Lachiwiri lililonse ndi chikwama cha mankhwala.
Anayang'ana wotchi, nakuwa:
"Lerotu mwachedwa, adalaivala!"
Ndinaseka mpaka tcheni inagwa.
Manja bii ndi girizi, ndinaibwezera,
n'kupukutira pa nambala yanga.

Kutsika njinga, miyendo sinali yanga.
Wina anandisinthira ndili pachishalo,
n'kundisiyira mitengo iwiri yonyowa.
Makilomita asanu okha, anatero Emrys.
Okha!
Amene anayamba kunena mawu amenewa anali atakhala pansi.

Nkhalamba ina ya tsitsi lomanga kumbuyo inandipitirira
ikuimba mluzu.
Kenako Nambala 88, mayi wamfupi wa malaya obiriwira,
anafika pambali panga, wefuwefu wake ngati wanga.
Sitinayankhulane.
Iye akatsogola ndinkawerenga madontho a thukuta pamsana pake,
ine ndikatsogola ndinkamva nsapato zake zikundidandaulira.
Patebulo la madzi anatenga makapu awiri,
ina n'kundipatsa osacheuka.
Ndinamukonda.
Ndinatsimikizanso mumtima kuti sandipitirira.

Anandipitirira.
Pakapeti yofiira, mamita khumi omaliza,
pomwe wolengeza ankayamba kutchula dzina langa,
anatulutsa liwiro limene anabisa m'thumba chiyambire m'mawa.
Kuseri kwa mzere tinagwirana mapewa
tonse titawerama ngati tataya ndalama muudzu.
"Tegwen," anatero.
"Heledd."
"Chaka chamawa?"
Ndinalibe mpweya womukanira.

Maola awiri kupatula mphindi zitatu.
Mendulo yopepuka ngati chitsekerero cha botolo,
theka la nthochi,
kapu ya tiyi imene ndinaigwira ndi manja awiri.
Opambana anali atasamba kale, ena atafika kwawo.

Lolemba, sikisi koloko, ndinaliza injini.
Sopo anali atalephera:
wani ndi sikisi zinkaonekabe pansi pa mkono wa malaya,
firii atapita ndi girizi.
Pachitunda chija basi inabuula, ndinasintha giya,
ndipo koyamba m'zaka khumi ndi zinayi
ndinaisisita pachiwongolero,
n'kuiuza chapansipansi kuti, ndikudziwa, mnzanga,
ndikudziwa.